TV Yakale Ija Musaiope, Koma Musaiswe

Kuyambira pa Songani mpaka ku Malosa, makomo ambiri akusungabe TV yakale ija ya msana waukulu. Ina inagulidwa Television Malawi itangoyamba kuulutsa mu 1999, ina anabwera nayo achimwene kuchokera ku Joni. Ina ikuonetsabe pabalaza, ina inafa kalekale ndipo yangokhala pakona, itafunditsidwa chitenje. Makolo ambiri amafunsa kuti: kodi n'zoona kuti galasi lake limatulutsa cheza chodwalitsa ana?

Cheza chilipo, koma n'chochepa

Mkati mwa TV yotereyi muli chibotolo chagalasi chimene anachipopa mpweya wonse. Kumbuyo kwake kumachoka tinthu ting'onoting'ono tamagetsi timene timakamenya galasi lakutsogolo, ndipo chithunzi chimaoneka. Anapanga chipangizochi mu 1897 ndi Mjeremani wina, Karl Ferdinand Braun. Amene anaphunzira Physics ku sekondale kapena ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi akudziwa makina oyezera magetsi otchedwa oscilloscope. Akalewo ali ndi chibotolo chomwechi, monganso makompyuta akale.

Tinthu timeneti tikamenya galasi mwamphamvu, pamabadwa cheza cha X-ray, chamtundu umene amaunikira nacho mafupa kuchipatala. TV yoonetsa mitundu imafuna mavolti pafupifupi 25,000. Ma oscilloscope ambiri amafuna ochepa kuposa pamenepa, choncho cheza chake n'chofooka ndipo chimathera m'galasi momwemo.

Mantha a anthu ali ndi pochokera. Mu 1967 ku America kunapezeka kuti ma TV masauzande ambiri a kampani ya General Electric ankatulutsa cheza chopitirira muyeso. Mu 1968 dzikolo linakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku cheza chochokera m'zipangizo zamagetsi, ndipo opanga ma TV anakhwimitsa chitetezo. Galasi lake n'lochindikala, ndipo la m'mbali ndi kumbuyo analisakaniza ndi mtovu kuti litchinge chezacho. TV yabwinobwino, imene sinaseweretsedwe mkati, siidwalitsa munthu woonera.

Ngozi ili kwa woitsegula

Chibotolo chija chimasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, mwina kwa masiku angapo. Mnyamata wofuna kuona zamkati akhoza kugwidwa shoko yoopsa. Komanso poti mkatimo mulibe mpweya, chikasweka chimaphulika, zidutswa zagalasi n'kuthovukira m'maso.

Choopsa kwambiri ndi mtovu womwe uja. TV yaikulu imakhala ndi mtovu woposa kilogalamu imodzi. Uli m'galasi losasweka suvuta. Koma ana akaiswa pofuna waya wa kopa woti akagulitse kwa ogula zitsulo, zidutswa ndi fumbi zimatsala pabwalo pomwe khanda limakwawa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete: amavutika kugwira za kusukulu, magazi amachepa. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosavulaza. Mayi woyembekezera amaupatsiranso kwa mwana ali m'mimba.

Tikumbukirenso kumene tikukhala. Zimene tataya m'khwawa, mvula imazikokolera mumtsinje wa Domasi, umene umathirira minda ya mpunga usanakafike ku nyanja ya Chilwa, kumene timadalira matemba.

Zoyenera kuchita pakhomo

TV ikayamba kununkha chopserera, kuthetheka kapena kuwala modabwitsa, izimitseni ndipo muitengere kwa wokonza amene anaphunzira ntchitoyi. Musalole aliyense kuitsegula pongoyesa.

Yakufa isungeni yathunthu, pamalo ouma pomwe ana safikapo. Musaiotche padzala, chifukwa utsi wa pulasitiki ndi mawaya ake ndi poizoni.

Ikasweka, tulutsani ana. Valani magolovesi, phimbani mphuno, wazani madzi pang'ono kuti fumbi lisauluke, kenako wolerani zonse m'chidebe chotsekeka. Musakazitaye pafupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Aphunzitsi amene ali ndi oscilloscope yakale angathe kuphunzitsira nayo mopanda mantha, bola ikhale yotseka ndipo waya wake wa ethi akhale wolumikizidwa.

Ife Aadventi timakhulupirira kuti thupi ndi la Mulungu, ndipo nthaka anatipatsa kuti tiisamale. Timasankha bwino chakudya cha ana athu; tisankhenso bwino zimene akuseweretsa kuseri kwa nyumba. Sabata lino likangotuluka, kaoneni pamene pali TV yakale ija.