Baji ya agogo, phini yothyoka ndi sayansi ya kutentha

Sabata yoyamba ya November, amalume anandipeza ndikuchonga mayeso a Fomu 3 pakhonde. Anatulutsa kansalu m'thumba, n'kukamasula pang'onopang'ono. Munali baji ya agogo aamuna, ya asilikali a King's African Rifles, yokhala ndi chithunzi cha lipenga kutsogolo. Pambali pake panali phini imene inathyoka kumbuyo kwake.

"Aphunzitsi, ndikupita nayo kwa wowotcherera mageti uja," anatero. "Angoigunda kamodzi basi. Ndikufuna ndidzaivale Lamlungu lokumbukira asilikali."

"Amalume, pepani, khalani kaye pansi," ndinawayankha. "Mukapita nayo kumeneko mubwera ndi kachibuma ka chitsulo."

Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo asilikali a ku Nyasaland anali ndi likulu lawo ku Zomba, kumene mpaka lero kuli chipilala chowakumbukira. Agogo anali m'gulu la amene anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Zithunzi zawo za usilikali tilibe, makalata anadyedwa ndi chiswe. Chatsala ndi baji yokhayi, ndiye kuiwononga kunalibe pobwezera. Tiyeni tione mmene physics ya m'kalasi mwathu inatithandizira.

N'chifukwa chiyani phini inathyokera patsinde?

Tengani kawaya, mukapinde uku ndi uku pamalo amodzi. Poyamba kamapindika mosavuta, kenako pamalopo pamauma, pamafunda, mapeto ake kamaduka. Mkati mwa chitsulo ma atomu amakhala m'mizere. Mukapinda, mizere ija imatsetsereka n'kumakolana, chitsulo chimasiya kufewa, ndipo pamabadwa kamng'alu kosaoneka ndi maso. Kamng'aluko kamakula pang'ono nthawi iliyonse mukapinda. Pachingerezi vutoli amati metal fatigue. Si la maphini okha: mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa Comet zinasweka zili m'mwamba chifukwa cha vuto lomweli.

Nanga bwanji patsinde osati pakati? Kumbukirani moment: mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda. Chala chimakankha kunsonga kwa phini, ndipo malo amene ali kutali kwambiri ndi chalacho ndi patsinde. Pamenepo ndi pomwe kupindika kumalemera kwambiri. Agogo, kenako amalume, akhala akutsegula ndi kutseka phiniyo kwa zaka zambiri, ndipo tsinde lake ndi limene linkalipira.

Moto wa mageti wachuluka

Baji imeneyi ndi ya brass, womwe ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Brass amasungunuka pa madigiri pafupifupi 900. Moto wa magetsi umene amawotcherera mageti umapyola madigiri 3,000, chifukwa ntchito yake ndi kusungunula zitsulo ziwirizo kuti zisanduke chimodzi. Pa geti zimenezo n'zabwino. Pa baji yopyapyala, lipenga lija likanasanduka dontho amalume asanaphethire n'komwe.

Guluu wa supa naye tinamukana. Akauma amakhala wophweka kusweka ngati galasi, ndipo tsinde la phini ndi laling'ono zedi. Mphamvu yonse ikagwera pa kamalo kochepa, pressure imakwera, monga mmene msomali umabowolera thabwa pamene chala sichingathe. Akanagwira masiku awiri, baji n'kudzagwera m'fumbi pakati pa chigulu cha anthu.

Njira yotsala inali ya solda, amene okonza mawailesi amalumikizira mawaya. Nzeru yake ndi iyi: susungunula baji, susungunula phini, umasungunula chitsulo chachitatu chimene sichifuna moto wambiri. Solda wamba ndi tin wosakaniza ndi mtovu, ndipo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Kuchoka pa 190 kufika pa 900 pali mtunda wautali, ndiye baji imakhala yotetezeka.

Ndisanavomere ndinaiyang'anitsitsa kumbuyo. Mabaji ambiri a pazipewa za asilikali a Britain ankakhala ndi timphete tiwiri kumbuyo, osati phini. Pa ya agogo timpheteto tinachotsedwa kalekale, wina n'kumatirirapo phini ndi solda wotuwa kuti azivala pajekete. Ndiye sitinali kuyambitsa chilonda chatsopano, tinali kubwerera pomwe anakonzapo kale.

Kwa wokonza mafoni zinakanika

Tinagula sefiti pini yaikulu, yachitsulo. Ubwino wake ndi uwiri. Ili ndi kasipuling'i kozungulira komwe kamalandira kupindika konse, ndiye tsinde silivutika. Komanso mkono wake umodzi umagona wonse pamsana pa baji, kotero malo ogwirana ndi aatali, osati kadontho kamodzi.

Tinayamba kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Anaika kachitsulo kake kamagetsi pabaji, n'kudikira. Solda anasungunuka pansonga ya kachitsuloko, koma atangokhudza baji anaundana n'kukhala kampira, kenako kanagubuduka n'kugwa. Anayesa katatu. "Bwana, chitsulo ichi chikukana," anatero.

Chitsulo sichinkakana, chinkaba kutentha. Brass amayendetsa kutentha mofulumira kuposa chitsulo cha misomali kuwirikiza kawiri. Kutentha kulikonse kumene kachitsulo kaja kankapereka kunkathawira m'baji yonse n'kutayikira mumpweya, moti pamalo ofunikawo sipankafika pa 190. Kachitsulo ka mawati 30 kamapereka majuulo 30 okha pa sekondi. Pa waya wa m'foni n'zokwanira, pa baji ayi. Ndipo solda sagwira pamalo ozizira. Lamulo lake n'lakuti utenthetse chinthu chimene ukulumikizacho, kenako icho chisungunule solda.

Bambo okhoma zidebe

Amene anatipulumutsa ndi bambo ena achikulire okhoma zidebe ndi makheni othirira dimba. Chida chawo ndi chibuma cha mkuwa chokhala ndi mpini, chimene amachiika pa mbaula ya makala. Palibe magetsi, koma physics yake ndi ya m'kalasi: kutentha kosungidwa ndi mass kuchulukitsa ndi specific heat capacity kuchulukitsa ndi kusintha kwa madigiri. Ya mkuwa ndi pafupifupi 390. Tiyerekeze kuti chibumacho chikulemera magalamu 300. Chikazizira ndi madigiri 100 chimapereka 0.3 × 390 × 100, omwe ndi majuulo 11,700. Kachitsulo ka mawati 30 kangafunike mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka kuti kapereke omwewo, pamene chibumachi chimatsanulira gawo lalikulu m'masekondi ochepa. Baji ilibe mpata wothawitsa kutentha.

Bambowa sanathamange. Anayamba apala solda wakale, n'kukwecha pamsana pa baji ndi mkono wa phini mpaka panawala. Chitsulo chikakhala pampweya chimavala kachikopa ka oxide, ndipo solda sangagwire pakachikopako. Kenako anapakapo timadzi tawo timene amangoti asidi. Ameneyo ndiye flux: amadya oxide wotsala, n'kutchinga mpweya kuti wina asabadwe pamene chitsulo chikutentha.

Anagoneka baji chafufumimba pa thabwa, osati pa chitsulo, chifukwa thabwa siliba kutentha. Anapana phini pamalo pake, n'kutsamiritsa chibuma chija. Nditawerenga mumtima kufika pa sikisi, anakhudzitsa solda m'mbali. Anasungunuka n'kulowa yekha pansi pa phini, kuyenda mpaka kumapeto. Imeneyo ndi capillary action, yomweyo imene imakweza palafini m'chingwe cha koloboyi. Pampata popapatiza ndi poyera, madzi amadzikoka okha.

"Musaigwedeze, aphunzitsi," anatero. "Ikagwedezeka isanaume, mubweranso mawa." Ankanena zoona. Solda akasunthidwa ali mkati mouma amakhala ndi ming'alu mkati, ndipo amaoneka wotuwa ngati phulusa.

Itazizira tinaitsuka kumbuyo ndi madzi osungunuliramo soda yophikira. Asidi akatsalira amapitiriza kudya chitsulo, ndipo pakapita miyezi pamamera zobiriwira. Soda ndi base, amapha mphamvu ya asidi. Tinasambanso m'manja ndi sopo chifukwa mtovu ndi poizoni, ndipo ntchito yonse inachitikira panja kuti tisapume utsi wa flux.

Chimene sitinachite

Amalume ankafuna tiipukutenso kutsogolo ndi phulusa kuti iwale. Ndinawapempha kuti tisatero. Mtundu woderapo uja ndi kachikopa kamene katenga zaka 80 kuti kapangike, ndipo kamateteza chitsulo cha pansi. Kupukuta kulikonse kumachotsa brass pang'ono, mizere ya lipenga n'kumafufutika. Anthu osonkhanitsa mabaji akale amakonda baji yoderapo yosakhudzidwa kuposa yonyezimira yopalidwa. Ngati kwanu kuli baji kapena mendulo imene sinakonzedwepo, makamaka yokhala ndi utoto wonga galasi kutsogolo, musaiyandikize pamoto. Utotowo ndi chitsulo zimafutukuka mosiyana, ndiye umang'ambika. Kuli bwino kuisokerera pa nsalu ndi ulusi, n'kuiika m'kabokosi.

Lamlungu lija amalume anavala jekete yawo yakuda, baji ili pachifuwa. Anatsegula ndi kutseka phiniyo kanayi kuti atsimikize, ine mtima uli m'mwamba. Inagwira.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Pezani mawaya awiri ofanana. Wina muzimupinda pang'ono chabe, wina muzimupinda mpaka apange ngodya ya madigiri 90. Werengani kuti aliyense waduka mutapinda kangati, ndipo mukhudze pamalo opindikawo mumve ngati pafunda. Mubwere ndi manambala anu Lachisanu, tidzajambule graph.