Kodi ovulala pa nkhondo ya ufulu ankachizidwa kuti?

Nkhondo yomenyera ufulu itayakanso m'chigawo cha Tete mu 1968, kupulumuka kwa msilikali wovulala kunkadalira mbali imene ankamenyera. Asilikali a Apwitikizi ankanyamulidwa pa helikopita, ndipo ovulala kwambiri ankatumizidwa kuzipatala za asilikali monga cha ku Nampula ndi cha ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo.

Kumbali ya FRELIMO, anamwino ankamanga mabala m'misasa ya kutchire, mankhwala ali ochepa, ndipo ovulala ankawanyamula pa machira. Chipatala chawo chachikulu, cha Américo Boavida, chinali ku Mtwara m'dziko la Tanzania, kutali zedi ndi Tete.

Ufulu utabwera, pa 24 Julayi 1975 boma linatenga zipatala zonse m'manja mwake kuti zizithandiza aliyense.