Tcheni ndi mabuleki a njinga yamoto: tigule ndi muyeso

Kuno ku Angónia timalima mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba ndi soya. Tikakolola, zokolola ziyenera kufika pa msika. Ambiri a ife timanyamula matumba pa njinga yamoto, imene timangoti mota. Ena timapita pa Vila Ulongwe, ena ku Domwe, ena ku Lizulu kumalire ndi Malawi.

Dziko lathu ndi la mapiri. Pokwera chitunda, katundu amakokedwa ndi tcheni. Potsika, moyo wathu umakhala pa mabuleki. M'chilimwe fumbi limadya zitsulo, m'dzinja matope amazidyanso. Nchifukwa chake tcheni ndi mabuleki sizikhalitsa kwathu kuno. Tsono zikatha, tigule bwanji zina?

Mabuleki

Mabuleki alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi mbale yachitsulo yoonekera pambali pa tayala. Mbaleyi imapanidwa ndi timapadi tiwiri. M'sitolo za pa Vila amati pastilhas. Ena ndi obisika m'kati, pakati pa tayala. M'menemo muli tizitsulo tiwiri topindika ngati mwezi watsopano. Mota zambiri zili ndi mtundu wobisikawu kumbuyo. Tiyambe taona kuti yathu ili ndi mtundu uti.

Pa kachitsulo kalikonse anamatapo chinthu chakuda. Chimenechi ndicho chimagwira, ndipo chimaperepeseka tsiku ndi tsiku. Chikachepa kufika mamilimita 2, ngati kamtengo ka machesi, tisinthe. Tikamva kulira kwa chitsulo pa chitsulo, ndiye kuti tachedwa kale. Mbale ikakandika, ndalama yake imaposa ya mapadi.

Popita kukagula, titenge akalewo m'thumba. Tiwaike pamodzi ndi atsopano pa tebulo la wogulitsa. Kodi utali ndi umodzi? Kodi mabowo akugwirizana? Ngati akusiyana ngakhale pang'ono, tisiye. Tiyang'anenso ngati chakudacho chamatika bwino, chopanda ming'alu. Tisinthe onse awiri tsiku limodzi, osati limodzi lokha.

Mabuleki ndi mafuta ndi adani. Oyilo akadonthera pa padi, padiyo yatha ntchito. Fumbi la m'mabuleki tisaliuzire ndi pakamwa, chifukwa limawononga mapapo. Tipukute ndi nsanza yonyowa. Mabuleki atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Tiyende pang'onopang'ono, tisananyamule katundu wolemera.

Tcheni

Tcheni, imene ena amati corrente, imayenda pa magudumu awiri a mano. Laling'ono lili pa injini, lalikulu lili pa tayala la kumbuyo.

Tidziwa bwanji kuti tcheni yatha? Tizimitse injini. Tigwire tcheni kumbuyo kwenikweni kwa gudumu lalikulu, tikoke. Ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, yatha. Tionenso mano. Mano abwino ndi ofanana mbali zonse. Mano otha ndi osongoka, opindika ngati zala za kabawi.

Apa ndi pamene kuwerenga kumatithandiza. Pambali pa tcheni analembapo nambala. Tipukute, tiwerenge. Ikhoza kukhala 420, 428 kapena 520. Mota zambiri za injini ya 125 ndi 150 zimayendera 428. Tcheni ya 420 ndi yopapatiza, siikhala bwino pa mano a 428. Tiwerengenso mfundo za tcheni yakale ndi mano a magudumu onse awiri. Manambala onsewa tilembe m'kope, tipite nalo ku sitolo.

Wina anganene kuti, "Ine ndalama ndilibe, ndingogula tcheni yokha." Ayi anzathu. Tcheni yatsopano pa mano akale ili ngati mbewu yabwino m'munda woguga. Mano otha amaidya msanga, ndipo posachedwa tibwereranso ku sitolo. Tigule zitatu pamodzi: tcheni, gudumu laling'ono ndi gudumu lalikulu.

Pomanga, tisamale kapini kolumikiza tcheni. Mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni ikupita. Tisakungitse kwambiri. Tikaikankha ndi chala pakati, isewere masentimita 2 kapena 3. Yokungika imawononga injini, yolendewera imavuka. Tcheni ikavuka kapena kuduka tili pa liwiro, ikhoza kukola tayala, ife n'kugwa ndi katundu yense. Tikayenda m'matope titsuke, tiumitse, tidontheze oyilo. Zala tisaike pa tcheni injini ikulira.

Mu kooperativa

Ngati mota ndi ya kooperativa, ndalama yogulira zipangizo ndi thukuta la tonse. Pa msonkhano tisankhe munthu mmodzi wosunga kope la mota. Alembe tsiku logula, nambala ya chipangizo ndi mtengo wake. Pakatha chaka tidzaona tokha kuti ndi ziti zinakhalitsa. Chotsika mtengo chimene tagula kawiri chimaposa chokwera mtengo chimene tagula kamodzi. Mota tiikonze nthawi yokolola isanafike. Mbatata ikakumbidwa siidikira makaniko.

Tiwerenge mokweza

Mota ili ndi tcheni. Tcheni ili ndi nambala. Ife tiwerenga nambala. Ife tigula ndi muyeso.

Tikambirane

1. Kodi mota ya m'gulu mwathu ili ndi mabuleki a mtundu uti kutsogolo? Nanga kumbuyo?
2. Chifukwa chiyani titenge mapadi akale popita ku sitolo?
3. Ndi zinthu zitatu ziti zimene tiyenera kusintha pamodzi?
4. Tikatuluka m'kalasi, tipite pa mota imodzi. Tiwerenge nambala ya tcheni ndi mano a gudumu lalikulu, tilembe m'makope mwathu.