Kodi mumadziwa? Magazi amachedwa kuulula vuto la impso

Dokotala akafuna kudziwa mmene impso zanu zikusefera magazi, kawirikawiri amayeza creatinine. Ameneyu ndi zinyalala zochokera m'minofu, ndipo impso zabwinobwino zimamutaya mumkodzo. Zikayamba kufooka, iye amachuluka m'magazi.

Kayezedwe kake n'kakale ndithu. Mu 1886, Max Jaffe wa ku Germany anaona kuti creatinine akasakanizidwa ndi picric acid m'madzi a alkali, madziwo amafiira. Malabotale ambiri akudalirabe njira imeneyi.

Koma creatinine sathamangira kukwera. Impso zikhoza kutaya pafupifupi theka la mphamvu zake, zotsatira n'kumaonekabe bwino. Chosokonezanso ndi thupi la munthu: mnyamata wadzitho wonyamula matumba a chimanga akhoza kukhala ndi creatinine wambiri kuposa agogo oonda, ngakhale impso za agogowo zitakhala zodwala. Kudya nyama yophika kumamukwezanso kwa maola angapo, pomwe mankhwala a Bactrim ndi dolutegravir, wopezeka m'ma ARV a masiku ano, amamukweza pang'ono popanda kuwononga impso.

N'chifukwa chake madokotala amawerengera eGFR, nambala yoyerekezera mmene impso zikusefera magazi, pogwiritsa ntchito creatinine yemweyo n'kuonanso zaka za munthu komanso ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yopitirira 3, ndiye kuti impso zili ndi matenda a mgonagona.

Komabe, kafukufuku wa ku Malawi, Uganda ndi South Africa, yemwe anasindikizidwa mu 2022, anapeza kuti kuwerengera kodalira creatinine kumabisa odwala ambiri. Cystatin C, yemwe amayezedwanso m'magazi koma sadalira minofu, amalondola bwinoko, kungoti kumuyeza n'kodula.