Mendulo ya keyala imene ili pansi pa sutikesi

Kwathu kwa Kaduya alipo mabanja amene amasunga mendulo ya keyala m'kansalu, pansi pa sutikesi, pamodzi ndi makadi a ubatizo. Ukafunsa za mwini wake amangoti, "Anapita kunkhondo, sanabwerenso." Kubanja kwathu munthu ameneyu ndi mlongo wawo wa agogo anga aakazi. Njira yomufufuzira msilikali wotere ilipo, ndipo mbali yake yaikulu munthu angayende ndi foni ali pa Migowi pomwepa.

Poyambira ndi mendulo yeniyeniyo. Ambiri timaganiza kuti iliyonse ndi ya kulimba mtima, koma zambiri zinkaperekedwa kwa aliyense amene anakafika kudera la nkhondo, ndipo zimenezi sizimuchepetsa munthu. Yathu ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati: Burma Star. Ilibe dzina, pakuti nyenyezi za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zinkatuluka zopanda mayina. Komabe inatiuza kokayang'ana. Mu 1944 asilikali a Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division, limene linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Africa Star, ya kansalu kooneka ngati mchenga, imaloza ku Ethiopia ndi Somaliland, kumene bataliyoni yachiwiri ya keyala (KAR) inamenya nkhondo pa Tug Argan mu Ogasiti 1940.

Mendulo ya kulimba mtima, monga Military Medal, ndi yasiliva, yobulungira. Itembenuzeni muone m'mphepete mwake: pamakhala nambala ya msilikali, udindo, dzina ndi gulu lake. Mamendulo a nkhondo yachiwaya ya 1914 mpaka 1918 nawonso amakhala ndi zolemba zotere. Nambala imeneyo isungeni bwino kuposa dzina. Anyamata ambiri olembedwa ku Nyasaland pankhondo yachiwiri nambala zawo zimayamba ndi zilembo DN.

Ndikunena kuti kuposa dzina chifukwa apa ndi pamene ife a ku Phalombe timasokera. Kalaliki wa usilikali ankalemba mmene wamvera. Wina ankalembetsa dzina la bambo ake, wina la kuubwana, wina lopeka pothawa msonkho kapena thangata. Boma la Phalombe linakhazikitsidwa mu 1998, choncho m'mapepala akale mudzapeza "Mlanje". Pa mtundu simudzapeza Mlomwe koma "Nguru", dzina limene makolo athu sankalikonda. Zimandiwawa kuliwerenga, koma wofufuza ayenera kulidziwa, apo ayi adzadutsa m'bale wake osamuzindikira.

Mukakhala ndi nambala kapena dzina, yesani kaundula wa Commonwealth War Graves Commission pa intaneti. Amapereka gulu la msilikali, tsiku limene anafa ndi kumene akukumbukiridwa. Amene anafera ku Burma manda awo osadziwika mayina awo ali pa Rangoon Memorial, ku Taukkyan pafupi ndi Yangon, pamodzi ndi ena pafupifupi 27,000. Ofera ku Ethiopia, Italian Somaliland ndi Madagascar opanda manda ali pa East Africa Memorial ku Nairobi.

Nkhani ya mendulo ya kulimba mtima ya nkhondo yachiwiri ili ku National Archives ya ku Kew, London, m'mafayilo otchedwa WO 373. Mmenemo mkulu wa asilikali ankalemba chimene munthuyo anachita, tsiku lake ndi malo ake, popempha kuti apatsidwe ulemu. Kwa keyala wamba, mizere yowerengeka imeneyi ndi imene imamuonetsa ngati munthu. Dziwaninso kuti nthawi imeneyo Military Medal sinkaperekedwa chifukwa cha zimene munthu wachita pa imfa yake, ndiye ngati m'bale wanu anali nayo, anaipata pa nkhondo ina asanagwe. Mabuku a tsiku ndi tsiku a mabataliyoni a ku Burma ali mu WO 172. Satchula kawirikawiri msilikali wakuda ndi dzina, koma mukaika tsiku la imfa pambali pa bukulo mumadziwa phiri kapena mtsinje umene gulu lake linali.

Kunoko yambirani ku Zomba. National Archives of Malawi ili komweko, ndipo pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala cha njerwa zofiira chokhala ndi mayina oposa 1,000 a akeyala ofa pankhondo yachiwaya. Kwa ife Alomwe nkhondo imeneyo inadutsa pakhomo: pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 akeyala a Nyasaland analimbana ndi asilikali a Jeremani otsogoleredwa ndi von Lettow-Vorbeck pa Lioma, kufupi ndi Gurue, dziko limene makolo athu ambiri anachokera.

Alipo amene kaundula aliyense anawasiya. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa ngati atengatenga pankhondo yachiwaya, kusenza katundu wa nkhondo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Mu Epulo 2021 bungwe la manda lija linavomera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo likufunafunabe mayinawo. Melvin Page, amene anaphunzitsa ku Chancellor College, anajambula mawu a nkhalamba za nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970 pamodzi ndi ophunzira ake, n'kulemba buku la The Chiwaya War. Nkhalamba zimenezo zinapita. Atsala ndi ana ndi adzukulu awo, monga agogo anga, amene anandiuza dzina limene mlongo wawo ankaitanidwa asanabatizidwe, nyakwawa imene inamuperekeza ku boma, ndiponso kuti anachoka chimanga chitangomasula. Zitatu zimenezi ndinazilemba m'kope ndisanatsegule foni.