Maina a galimoto zogonamo: komwe adachokera ndi zomwe amatanthauza

Galimoto zokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa mkati, zomwe ku America amazitchula mwachidule kuti RV, zimadziwika ndi maina omwe ogula ambiri amangowawerenga pambali pa galimotoyo osafunsa gwero lake. Ena mwa mainawa ndi a eni makampani, koma ena otchuka kwambiri adatengedwa kwa mitundu ya anthu omwe sadakhale nawo pa zokambirana.

Dzina lomwe lidamanga nthenje pa malondawa ndi Winnebago, kotero kuti anthu ambiri ku America amatchula galimoto iliyonse yogonamo ndi dzinali ngakhale ikhale ya kampani ina. Kampaniyi idayamba m'chaka cha 1958 m'tauni ya Forest City m'chigawo cha Iowa, ndipo idatulutsa galimoto yake yoyamba yoyenda yokha m'chaka cha 1966. Dzinali idalitenga ku boma la Winnebago County, komwe kuli tauniyo, ndi mtsinje wodutsa m'deralo.

Koma boma ndi mtsinjewo adazitcha dzinali potengera mtundu wina wa eni nthaka a dzikolo. Anthuwa sadadzipatse okha dzina la Winnebago. Lidachokera kwa mitundu yoyandikana nawo, ndipo limamasuliridwa kuti anthu a ku madzi akuda kapena onunkha. Eni ake amadzitchula kuti Ho-Chunk, kutanthauza anthu a mawu aakulu.

Kwawo kwenikweni kwa a Ho-Chunk ndi ku Wisconsin. Dzina lawo lidafika ku Iowa chifukwa boma la America lidawasamutsira kumeneko mokakamiza cha m'ma 1840, kenaka lidawapititsa ku Minnesota, ku South Dakota m'chaka cha 1863, mpaka ena adakathera ku Nebraska. Apa ndi pomwe nkhaniyi ikuwawa: dzina la anthu omwe adayendetsedwa mtunda wautali mosafuna ndi lomwe lidasanduka chizindikiro cha maulendo okasangalala. Kampaniyi idawonjezeranso maina ngati Brave, Chieftain ndi Warrior, omwe amakumbutsa ogula za ankhondo ndi mafumu a eni nthakawo.

M'chaka cha 1994, a mtunduwu okhala ku Wisconsin adavomereza malamulo awo atsopano ndi kuyamba kudziwika mwalamulo kuti Ho-Chunk Nation, pomwe anzawo a ku Nebraska adasunga dzina la Winnebago. Nkhani yotere siili pa galimoto zogonamo zokha. M'chaka cha 2021, mtsogoleri wa mtundu wa Cherokee, a Chuck Hoskin Jr., adapempha kampani ya Jeep kuti ileke kugwiritsa ntchito dzina la mtundu wawo pa galimoto zake.

Pali dzina lina lomwe Winnebago idagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, la Itasca, lomwe limamveka ngati la eni nthaka pomwe si choncho. Itasca ndi nyanja ya ku Minnesota komwe kumayambira mtsinje wa Mississippi. Adaitcha dzinali ndi a Henry Schoolcraft m'chaka cha 1832, podula ndi kulumikiza mawu awiri a Chilatini, veritas ndi caput, otanthauza choonadi ndi mutu, pofuna kunena kuti pamenepo ndiye pa gwero lenileni la mtsinjewo.

Kampani ya Airstream, yomwe imapanga makalavani a aluminiyamu onyezimira okokedwa ndi galimoto, idayang'ana kumwamba. Kalavani yake ya 1936 idatchedwa Clipper potengera ndege zotera pamadzi za kampani ya Pan American, zomwe zinali zodabwitsa m'masiku amenewo.

Dzina lina la kampaniyi lidachokera kuno ku Africa. M'chaka cha 1959, mwini wake a Wally Byam adatsogolera gulu la makalavani pa ulendo wochokera ku Cape Town kukafika ku Cairo. Malinga ndi kampaniyo, a Byam adamva za kanyama kakang'ono ka ku Angola kotchedwa mbambi, komwe kamadziwika ndi mphamvu ndi kuponda mosaterereka, ndipo kalavani yaing'ono yomwe idatuluka m'chaka cha 1961 adaitcha Bambi. Kanyamako ndi ka mtundu wa gwape, ngakhale ogula ambiri amaganiza za kagwape ka mu kanema wa Disney.

Maina a eni makampani ndi osavuta kuwatsata. Jayco, yomwe idayamba m'chaka cha 1968 ku Indiana, idatenga dzina lapakati la a Lloyd Jay Bontrager. Poti jay ndi dzinanso la mbalame, kampaniyo idaika mbalameyo pa chizindikiro chake ndi kutcha zina mwa galimoto zake Eagle, Greyhawk ndi Redhawk. Thor, yomwe idagula Airstream m'chaka cha 1980 ndi Jayco m'chaka cha 2016, imamveka ngati dzina la mulungu wa mabingu wa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, koma ndi zilembo ziwiriziwiri zoyamba za maina a Wade Thompson ndi Peter Orthwein. Ku Germany nakonso, makalavani a Eriba adatchedwa podula dzina la injiniya Erich Bachem.

Volkswagen, kampani ya ku Germany komweko, idatcha galimoto yake yogonamo California m'chaka cha 1988, pobwereka mbiri ya dzuwa ndi magombe a chigawo cha ku America. Dzina lakale la kampaniyi la Kombi ndi chidule cha Kombinationskraftwagen, kutanthauza galimoto yonyamula anthu ndi katundu yemwe. Ku Zimbabwe, kombi lero ndi dzina la minibasi iliyonse yonyamula anthu, posatengera kampani yomwe idaipanga.