Tizingwe Tiŵiri ta Kachilombo ka HIV

Kachilombo ka HIV, kamene kanapezeka ku Institut Pasteur mu mzinda wa Paris m'chaka cha 1983, n'kakang'ono zedi: tizilombo pafupifupi 10,000 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Komabe m'kati mwa kalikonse muli tizingwe tiŵiri tofanana totchedwa RNA, pamene palembedwa malangizo onse a kuswana kwake. Kachingwe kamodzi katatambasulidwa kangatalike kuposa kachilombo komweko nthaŵi zoposa 20. Nanga kamakwana bwanji m'menemo osaduka kapena kupiringizana?

Ntchitoyi imagwiridwa ndi kapuloteni kakang'ono kamene akatswiri amakatcha NC. Kali ndi tizala tiŵiri tolimbitsidwa ndi mchere wa zinki, ndipo ndi tizala timeneti kamagwira RNA. Monga mayi wopota nkhata, amene amamasula nsalu ikapindika molakwika n'kuikulunganso mpaka itakhala bwino pamutu, NC imamasula pamene chingwe chadzimanga mfundo yosayenera, n'kuchilola kuti chipindike m'njira yokhazikika. Imalumikizanso tizingwe tiŵiri tija, ndi kutikuta kuti tisaonongeke. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa RNA yochuluka ya munthu mwini, iyo imatha kusankha ya kachilombo.

Ntchito yake sithera pomwepo. Kachilombo kakaloŵa m'selo la magazi la CD4, malangizo aja amayenera kukopedwa kuti akhale DNA, ndipo NC ndiyo imatambasula njira kuti kukoperako kusaime.

Izi zikukhudza wodwala wa pamzere wa ku chipatala motere. Poyamba NC imakhala mbali ya puloteni yaikulu yotchedwa Gag, ndipo imamasuka pokhapokha lumo la kachilomboko, lotchedwa protease, litaidula. Mankhwala monga atazanavir ndi lopinavir amabunthitsa lumo limeneli, kotero tizilombo tatsopano timatuluka tosakhwima, tosatha kugwira selo lina. Tenofovir ndi lamivudine amaimitsa kukopera kuja. Mankhwala olimbana ndi NC yeniyeniyo sanavomerezedwebe.

Koma mphamvu ya ma ARV imakhala m'magazi kwa kanthaŵi chabe. Munthu akamadumphitsa masiku, lumo lija limayambanso kudula ndipo kukopera kumapitirira. Ndiye popeza kachilomboka kamalakwitsa kaŵirikaŵiri pokopera, mwa tizilombo tatsopano mumapezeka tina tosamvanso mankhwala amene wodwalayo wakhala akumwa.